Masamba Osafota

Chimene chinamuimitsa Isaki Malunga chinali mulu wa masamba. Unali mwezi wa Okutobala mu 1996, dzuwa likuswa mtengo, udzu wa m'chigwa cha Domasi utauma gwa. Iye anali atakwera kumtunda kukasaka mbuzi yake imene inadula chingwe, ndipo podutsa pa mpanda wa waya anangoti asuzumire. Mulu uja unali pomwe anauunjika ndi manja ake chaka chatha. Masamba ake anali obiriwira, onyezimira, ngati munthu wangowathyola m'mawa womwewo.

Kiyi wa pachipata anali akadali naye. Anatsegula, nalowetsa dzanja m'muluwo mpaka m'chigongono. Mkati munali mozizira. Munalibe chiswe, munalibe nyerere, ngakhale kafungo ka chinthu chowola. Zitsa za mitengo imene anadula zinali zitaphukanso, mphukira zake zitapitirira kale msinkhu wa munthu. Ataima n'kutchera khutu anazindikira chinanso. Kunja kwa waya nyenje zinkalira mpaka kugonthetsa m'khutu, koma mkati muno munali zii.

Mumpandamo Isaki anagwiramo ntchito zaka zitatu. Chitatha chilala cha 1992, kunabwera bungwe lina lakunja ndi mbande za bulugamu, osati za m'machubu ngati mbande zonse koma za m'mabotolo agalasi, ndipo iye anamulemba ntchito yothirira. Womuyang'anira anali a Malcolm, bambo wa ku Zomba amene ankabwera panjinga yamoto kudzayeza mitengo, munthu wokonda kulongosola zinthu ngakhale usanamufunse. Tsiku lina akupuma pamthunzi anasenda nthochi n'kuiika pamwala. Posakhalitsa inayamba kuda.

"Mwaona, a Malunga? Mpweya womwe timapumawu ndi umene waidetsa. Ndi womwewonso umachititsa dzimbiri pa khasu. Ndiye m'thupi la chamoyo chilichonse, mu tizipinda ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, dzimbiri lotere limachitika tsiku ndi tsiku mpaka chinthucho kukalamba n'kufa. Mtengo umadzipangira wokha mankhwala otchinga dzimbirilo, koma ochepa. Iyi anaisintha majini kunjako kuti izipanga ochuluka, isamapse ndi chilala."

"Majini, bwana?"

A Malcolm anaseka mpaka kutsamwa. "Osati ogwira anthu aja, ayi! Ndi malangizo amene chamoyo chimabadwa nawo, onena kuti chikule bwanji."

Isaki anamva, koma mawu akuti majini atatsika kumudzi anafika ali okhaokha opanda tanthauzo lake, ndipo kuyambira pamenepo amayi opita kunkhuni ankaulambalala mpandawo.

Ntchito inatha mwadzidzidzi. Kunabwera kalata yoti mitengo yonse idulidwe, itenthedwe. Anaidula, naithira dizilo. Dizilo anayaka n'kuzima, masamba ali chimodzimodzi. A Malcolm anati aisiye kaye iume, adzabweranso ndi machesi. Sanabwerenso.

Tsiku limene anapita kukasaka mbuzi lija, Isaki anatsika wopanda mbuzi. M'thumba la malaya munali masamba odzadza dzanja.

Kunyumba mkazi wake Iness anali chigonere kuyambira nthawi yokolola. Anali matenda aja amene m'zaka zimenezo ankalowa nyumba iyi n'kudumpha iyo, anthu osawatchula dzina. Kuchipatala anamugoneka milungu iwiri, kenako namwino anamuitanira Isaki pakhonde n'kumuuza motsitsa mawu kuti apite nawo kunyumba, aziwapatsa chilichonse chimene angafune. Iness anali atatha. Ankatsokomola mpaka nthiti kuoneka zonse, m'kamwa muli zilonda, phala lokha kumeza kwake kuli kwa misozi.

Kufukiza wodwala chifuwa ndi masamba a bulugamu si chachilendo, aliyense amachita. Isaki anadziuza zimenezo akuika poto pamoto. Anamufunditsa bulangete pamodzi ndi potoyo, ndipo nthunzi itatha anatunga madziwo theka la kapu.

"Mwawatenga kuti amenewa?" Iness anafunsa, mawu akuchita kukwawa. "Fungo lake si la bulugamu wa kudambo."

"Imwani, mayi a Tisungeni."

Tisungeni anali mwana wawo mmodzi yekhayo, amene malungo anamutenga ali ndi zaka ziwiri. Dzina lokha ndilo linatsala pakhomopo. Iness anamuyang'ana mwamuna wake kanthawi, kenako anamwa.

Tsiku lomwelo chifuwa chinaleka. Pakutha pa mlungu zilonda za m'kamwa zinasiya kupweteka, ndipo Iness anatuluka yekha kukakhala pakhonde, atagwira khoma. Amayi a Mvano amene anabwera kudzamuimbira nyimbo zotsanzika anabwerera akuimba zothokoza. Isaki ankakwera kumtunda m'mawa uliwonse anthu asanadzuke, natsika ndi masamba m'thumba, osauza munthu.

Amene anaona zonse anali Abida, mayi wamasiye wa nyumba yoyandikana nayo, wogulitsa zitumbuwa pa Songani. Iye ndi Iness anakulira limodzi, wina kupita kumzikiti wina kutchalitchi, mtondo wosinjira uli umodzi. M'nyumba mwa Abida munali mwana wake Hassani, telala wa zaka makumi atatu amene anabwerako ku Blantyre atatsamira phewa la mnzake, ndipo chifuwa chake chinkamveka mpaka kwa a Malunga.

Zachilendo zinayamba mwakachetechete. Madzulo ena Isaki anaphika mpunga ndi usipa, chakudya chimene Iness ankachikonda, koma iye anangoyang'ana mbaleyo ngati muli miyala.

"Sindikumva njala."

"Idyani pang'ono chabe."

"Dzulonso sindinadye, inu simunaone? Ndinapatsa galu."

Galuyo anali atasiya kulowa m'nyumba. Ankafika pakhomo, n'kununkhiza, n'kubwerera chambuyo mchira uli pakati pa miyendo.

Patapita masiku awiri Isaki anadzidzimuka tambala woyamba akulira. Koloboyi anali atazima, m'nyumba muli bii, koma kuwala pang'ono kolowera pa mng'alu wa zenera kunamuonetsa mkazi wake atakhala tsonga pamphasa, momwe anamusiyira pogona, manja pamaondo, maso ali pakhoma. Udzudzu unkalira m'makutu mwa Isaki, ukumuluma m'mikono, koma kwa Iness sunkapitako. Anamvetsera kupuma kwake. Anawerenga mumtima mpaka makumi awiri asanamve mpweya ukulowa, pang'onopang'ono, ngati mphepo yodutsa m'masamba akutali.

"Simunagone?" ananong'oneza.

"Tulo sitikubwera. Lero ndi tsiku lachisanu."

"Mukumva kupweteka?"

"Ayi."

Iness anatembenuza khosi kuti amuyang'ane, ndipo Isaki anamva kaphokoso kamene ankakadziwa bwino, kamene kamamveka ukamapinda nthambi yaiwisi isanathyoke. Anafuna kugwira dzanja la mkazi wake, naligwira. Linali lozizira, losalala ngati la mtsikana, lopanda thukuta.

Kutacha Abida anabwera ndi nthochi ziwiri. Iness anasenda imodzi pofuna kumusangalatsa mnzakeyo, naluma kamodzi, n'kuisiya pa kampando. Inakhala pamenepo masiku atatu. Ntchentche sizinaterepo. Pomwe panadutsa mano ake panali poyera mbuu, ngati yasendedwa kumene. Isaki anaitenga ndi chitsamba n'kukaiponya m'chimbudzi, ndipo tsiku limenelo sanakwere kumtunda. Poto uja anamutsuka ndi mchenga, namupachika.

Ankaganiza kuti akasiya kumupatsa madziwo zinthu zibwerera m'malo mwake, kaya ndi njala, kaya ndi chifuwa chomwe. Anadikira mlungu wathunthu. Palibe chinabwerera.

Loweruka chakumadzulo, dzuwa litalowa kuseri kwa phiri la Malosa, Iness anati asende chinangwa kuti manja apeze chochita. Isaki anali kukonza mpini wa khasu pafupi naye. Anangomva mpeni wasiya kulira. Atacheuka anaona mkazi wake akuyang'anitsitsa chala chake chachikulu. Mpeni unali utalowa mpaka pafupa. Bala linali yasa, lofiira bwino ngati mkati mwa gwafa, koma magazi osatuluka, kupatula kadontho kamodzi koyera ngati utomoni.

"Bambo a Tisungeni," anatero, "ndigwireni dzanja."

"Ndakugwirani kale."

Iness anayang'ana manja awo awiriwo. "Ndiye sindikukumvani."

Bala lija silinapole, komanso silinanyeke. Analimanga ndi kansalu, ndipo akamasula m'mawa uliwonse ankalipeza monga analisiyira.

M'mudzi nkhani zinali zitayamba kuyenda. Ena pachitsime ankati Malunga watsekula majini a mumpanda n'kuwalowetsa mwa mkazi wake. Ena ankati Iness anamwalira kale mwezi watha, chimene chimakhala pakhondecho ndi china. Amayi a Mvano anasiya kubwera. Koma panalinso ena amene sankanena kanthu, amene ankadutsa panjira mwapang'onopang'ono n'kumayang'ana mayi amene achipatala anamubweza, ali khale pakhonde, khungu likuwala, osatsokomola. Amenewa anali anthu amene m'nyumba zawo munali wina pamphasa.

Abida anabwera kutangoyamba mdima. Sanalowe. Anamuitanira Isaki kuseri kwa nkhokwe, nagwada pafumbi.

"Alamu, ndakhala ndikukuonani mukutsika kumtunda m'mamawa. Sindinauze munthu. Ndipatseniko masamba awiri okha."

"Dzukani, mayi a Hassani."

"Sindidzuka."

"Simukudziwa chimene mukupempha. Mnzanuyo sadya. Sagona. Pitani mukamasule kansalu kali pachala chake muone."

"Ndinaona kale. Anandionetsa yekha." Abida sanakweze mawu. "Koma akupuma. Akuyankhula nanu. Wanga wayamba kusanza magazi, alamu. Dzulo wandiuza kuti makina ake osokera ndipatse a malume ake. Anu akhale moyo, wanga afe?"

Chifuwa cha Hassani chinamveka kuchokera kutsidya kwa mpanda wa udzu, chachitali, chong'amba.

"Ndipatseni tsiku limodzi," anatero Isaki. "Mawa ndipita ku Zomba kukafunsa amene anabweretsa mitengoyi. Akandiuza kuti ilibe vuto, ndidzakuthyolerani ndekha. Koma musapiteko ndisanabwere. Ndakupemphani."

Abida anadzuka, nasasa fumbi pa chitenje, n'kuchoka.

M'mawa Isaki anamangirira kiyi wa pachipata m'khosi nakakwera minibasi pa Songani. Ku Zomba, chipinda chimene chinali ofesi ya bungwe lija anachipeza chitasanduka mogulitsira zovala za kaunjika. Mlonda wa pamenepo anamulozera ku Chinamwali, ndipo atafunsa nyumba zisanu anawapeza a Malcolm akukonza njinga yawo yamoto pabwalo, tsitsi litayamba imvi. Anamulandira mwansangala, koma Isaki atatchula mpanda uja nkhope yawo inagwa.

"Munaitentha?"

"Siyikuuma, bwana. Ndipo zitsa zaphukanso."

A Malcolm anaika sipanala pansi. Isaki anafotokoza zonse, kuyambira theka la kapu lija mpaka bala la pachala. Pamene ankamaliza, bambo aja anali atakhala pansi padothi, manja akuda ndi girisi ali kumutu.

"Munawamwetsa masiku angati?"

"Milungu itatu."

"Mayo ine." Anatsitsa manja aja. "Kuseri kwa ofesi tinali ndi mbira zisanu ndi imodzi. Mzungu wathu ankafuna kudziwa ngati ziweto zingadye masambawo osavulala. Poyamba zinanenepa, ubweya kuwala. Mlungu wachitatu zinasiya kudya. Zinangokhala m'khola, maso ali tong'o. Miyezi inayi, a Malunga, popanda chakudya, popanda madzi. Mzungu analemba makalata kwawo, ndipo yankho lake linali lija loti tidule mitengo."

"Nanga mbirazo zinafa?"

"Ndinazikwirira."

"Ndafunsa kuti zinafa, bwana?"

A Malcolm anayang'ana kumbali. "Pamene ndinkathira dothi, imodzi inkandiyang'ana."

Pamsewu panadutsa lole, fumbi lake n'kuwakuta onse awiri. Isaki anadikira kuti lidekhe.

"Ndiye mankhwala obwezera alipo?"

"Ine sindinali dokotala. Ntchito yanga inali kuyeza kutalika kwa mitengo n'kulemba m'buku. Zija ndinakuuzani za nthochi ndi zomwe nanenso anandiuza. Amene ankadziwa anakwera ndege. Adiresi imene anandisiyira ndinalembako kawiri, makalata onse anabwerera." Anamugwira Isaki pamkono. "Chimodzi chokha. Wina asakhudzenso masamba amenewo. Zulani zitsa, kwirirani, chitani chilichonse. Mwamva?"

Minibasi yobwerera inachedwa kudzadza, inafanso pa Naisi, moti Isaki anatsika pa Songani dzuwa litapendeka kwambiri. Sanapite kunyumba. Anadzera njira ya kumtunda, akuthamanga pomwe miyendo inkalola, kiyi akumumenya pachifuwa.

Kiyiyo analibenso ntchito. Loko anali pachipata bwinobwino, koma pambali pake waya anali atadulidwa ndi chikwanje n'kupindidwa ngati chitseko. Mulu uja unali utatsika mpaka m'maondo. Mphukira za pazitsa zinali zitapululidwa, zangotsala ndodo. Pansi ponse panali mapazi, aakulu ndi aang'ono, a nsapato ndi opanda nsapato, ndipo m'kanjira kotsikira kumidzi anaona anthu atandandana, amayi atasenza mitolo m'zitenje, abambo atakoleka matumba panjinga. Palibe ankayankhula. Ena anali a m'mudzi mwake, ena ochokera kufupi ndi Mishoni, ena sanawaonepo n'kale lonse.

"Imani!" anakuwa. "Tayani zimenezo! Si mankhwala amenewo!"

Anathamangira mayi wina wokalamba amene anali kumapeto, nagwira mtolo wake. Mayiyo anaukumbatira ndi manja onse awiri, namuyang'ana m'maso.

"Ndaika ana atatu m'manda chaka chino, bambo. Watsala mmodzi. Ndisiyeni."

Isaki anamusiya. Anayesa wina, nayesa winanso. Anawauza za mbira, za bala losapola, za maso osatseka. Bambo wina anamuyankha osaima kuti ngati ndi poizoni bwanji mkazi wake akadali moyo. Wina anati Malunga akufuna adye yekha. Mzere uja unapitirira kutsika, n'kugawikana m'tinjira ta m'minda, n'kulowa mumdima umene unali kukwera kuchokera kumtsinje.

Anaima yekha pamtunda. Kumunsi, tsidya lino ndi tsidya lina la Domasi, moto wa madzulo unali utayamba kuyaka pakhomo ndi pakhomo, utsi ukuyandama pamwamba pa madenga popanda mphepo youkankha. Ndipo utsiwo unali ndi fungo, lozizira, lolowa mpaka kumutu, fungo limene iye yekha ndi mkazi wake ankalidziwa dzulo lomweli.

Anafika kunyumba miyendo ikukoka. Iness anali pakhonde pomwe anamusiya m'mawa, mumdima, osayatsa koloboyi. Isaki anakhala pambali pake.

"Mwawapeza a Malcolm?"

"Ndawapeza."

"Akuti chiyani?"

Isaki anatsegula pakamwa, natsekanso.

"Musandibisire, bambo a Tisungeni. Ine sindikuopa, ngakhale mantha omwe anachoka. Lero ndinayesa kulira, misozi osabwera. Ndinayesa kukumbukira kulemera kwa mwana wanga kumsana, osatheka. Ndikungofuna ndidziwe chimodzi." Anapuma mpweya wake wautali uja. "Ndidzapita liti kumene kuli iyeyo?"

"Sakudziwa," Isaki ananong'oneza. "Palibe akudziwa."

Iness anagwedeza mutu pang'onopang'ono, khosi likulira. Kenako Isaki anazindikira kuti pali chinthu chimene sakuchimva, chimene makutu ake anazolowera madzulo aliwonse kwa miyezi itatu. Kutsidya kwa mpanda wa udzu kunali zii.

Kunamveka mapazi othamanga. Abida anatulukira pakona ya nyumba, mpango utagwera m'khosi, nkhope yonyowa, akuseka ndi kulira nthawi imodzi. Anagwa pamaondo pamaso pa Iness n'kugwira manja ake ozizirawo.

"Mnzanga! Mnzanga! Ndinamumwetsa m'mawa, alamu atangonyamuka. Hassani wasiya kutsokomola!"